Mlendo ndi Mame: Maganizo Anga pa Boma la Labour la 1924 ku Britain

Mawu Oyamba

Pa 22 Januwale 1924, Mfumu George V ya dziko la Britain inaitanitsa Ramsay MacDonald ndi kumupempha kuti akhazikitse boma. Pa 4 Novembala chaka chomwecho, MacDonald anabwerera kwa mfumuyo kukatula pansi udindo. Boma lakelo, lomwe linali loyamba la chipani cha Labour m'mbiri ya dzikolo, linangokhala miyezi 9 ndi masabata awiri. Linalibe aphungu okwanira m'Nyumba ya Malamulo, ndipo tsiku lililonse linkadalira chifundo cha chipani china.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Boma la aphungu ochepa nalonso ndi mlendo, ndipo limadziwa kuti dzuwa likangokwera lichoka. Funso lofunika n'lakuti, kodi nthawi yochepayo liigwiritse ntchito motani? M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti nduna za boma la 1924 zinayankha funsoli m'njira ziwiri. MacDonald ndi anzake ambiri anathera nthawi yawo pofuna kutsimikizira olemera ndi olemekezeka kuti chipani cha Labour si chilombo. John Wheatley, nduna ya zaumoyo, anathera nthawi yake pa ntchito imodzi yothandiza anthu amene anamuvotera. Maganizo anga ndi akuti Wheatley ndiye anasankha bwino.

Momwe Bomali Linabadwira

Ku Britain anthu savotera mtsogoleri wa boma mwachindunji monga timachitira kuno kwathu posankha pulezidenti. Amavotera aphungu, ndipo amene angathe kupambana mavoti m'Nyumba ya Malamulo ndiye amakhala nduna yaikulu. Nyumbayo ikamukana pa nkhani yaikulu, boma lake limagwa ngakhale zaka zake zisanakwane.

Chakumapeto kwa 1923, nduna yaikulu Stanley Baldwin wa chipani cha Conservative anaitanitsa chisankho pofuna chilolezo choika msonkho pa katundu wochokera kunja, poganiza kuti zimenezi zichepetsa ulova. Pa chisankho cha pa 6 Disembala, chipani chake chinapeza mipando 258 mwa mipando 615. Labour inapeza 191 ndipo Liberal inapeza 158. Panalibe chipani chomwe chikanalamula pachokha. Popeza Labour ndi Liberal onse ankadana ndi msonkho uja, pa 21 Januwale 1924 anagwirizana n'kugwetsa boma la Baldwin. Mtsogoleri wa Liberal, Herbert Asquith, analola kuti Labour ilamule podziwa kuti chingwe chili m'manja mwake, ndipo akhoza kuchikoka nthawi iliyonse.

Anthu olemera anachita mantha kwambiri. Panali patangopita zaka zochepa chichitikire chisinthiko cha ku Russia cha 1917, ndipo mfumu ya kumeneko, Nicholas II, yomwe inaphedwa ndi banja lake mu 1918, inali msuwani wa George V. Malamulo a chipani cha Labour a 1918 ankanena poyera kuti mafakitale ndi chuma chachikulu ziyenera kukhala za anthu onse. Pa kampeni ya 1923 chipanichi chinalonjezanso msonkho wapadera pa chuma cha anthu olemera kuti boma libweze ngongole za nkhondo. Choncho ambiri ankaganiza kuti zomwe zinachitika ku Moscow zafika ku London.

Nduna Zake Zinali Ndani?

Tikayang'ana kumene nduna zina zinachokera, tiona chifukwa chake anthu osauka anasangalala. MacDonald mwiniwake anabadwira m'mudzi wa asodzi wa Lossiemouth ku Scotland mu 1866, kwa mayi wantchito yemwe sanali pabanja. J. R. Clynes, yemwe ankayendetsa ntchito za boma m'Nyumba ya Malamulo, anayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Arthur Henderson, nduna ya zam'dziko, anali wosula zitsulo. J. H. Thomas, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, anali munthu wa ku njanji yemwe anakwera mpaka kutsogolera bungwe la ogwira ntchito kumeneko. Philip Snowden, nduna ya zachuma, anali mwana wa owomba nsalu ku Yorkshire. Margaret Bondfield, yemwe kale ankagulitsa m'sitolo, anakhala wachiwiri mu unduna wa zantchito, ndipo anali mayi woyamba kupatsidwa udindo wa unduna m'dzikolo.

Koma mndandanda wa nduna sunathere pamenepo. Lord Haldane, yemwe anakhalapo nduna m'maboma a Liberal, anapatsidwa udindo waukulu woyang'anira makhoti. Lord Parmoor, yemwe kale anali phungu wa Conservative, analowanso. Lord Chelmsford, yemwe anali bwanamkubwa wamkulu wa India kuyambira 1916 mpaka 1921 ndipo sanali wa Labour n'komwe, anapatsidwa unduna wa asilikali apamadzi. Mwa nduna zikuluzikulu 20, awiri okha, Wheatley ndi Fred Jowett, ndiwo ankadziwika kuti ndi a mbali ya chipani yofuna kusintha zinthu mwamphamvu. MacDonald anadzisungiranso unduna wa zakunja kuwonjezera pa udindo wake wa nduna yaikulu.

Kasankhidwe ka nduna kameneka kanali uthenga, ndipo uthengawo sunkapita kwa anthu a m'migodi ya ku Wales kapena a m'madoko a ku Glasgow. Unkapita kunyumba yachifumu, kumabanki ndi kwa eni manyuzipepala, kuwauza kuti agone tulo.

Njira ya MacDonald

Sindikufuna kumulakwira MacDonald, chifukwa pa nkhani zakunja anachita zooneka. Mu Febuluwale 1924 boma lake linavomereza boma la Soviet Union. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti anatsogolera msonkhano wa ku London womwe unavomereza ndondomeko ya Dawes yokhudza chipukuta misozi chomwe Germany inkalipira nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo France inalola kudzachotsa asilikali ake m'chigawo cha Ruhr. Kunyumba, Snowden anatsitsa msonkho wa tiyi ndi shuga, ndalama zothandizira malova zinakwezedwa, ndipo Charles Trevelyan, nduna ya zamaphunziro, anawonjezera malo aulere m'sukulu za sekondale.

Komabe tikafunsa zomwe chipani cha anthu apantchito chinachita zomwe boma la Liberal silikanachita, mayankho ake ndi ochepa. Msonkho wapadera pa olemera uja sunamvekenso. Bajeti ya Snowden inasangalatsa a Liberal ndi amalonda mwinanso kuposa omutsatira ake. Malova anakhalabe oposa 1 miliyoni chaka chonsecho, ndipo boma linalibe ndondomeko yeniyeni yowapezera ntchito. Ogwira ntchito m'madoko atanyanyala ntchito mu Febuluwale, kenako ogwira ntchito zamtengatenga mu London mu Malichi, boma linakonzeka kugwiritsa ntchito lamulo la nthawi ya zadzidzidzi la 1920, lomwe chipani chomwechi chinalidzudzula pamene linkakhazikitsidwa. Ernest Bevin, yemwe ankatsogolera ogwira ntchitowa, sanaiwale zimenezi.

Panalinso nkhani ya zovala. MacDonald ndi nduna zina anavomera kuvala zovala zamwambo za kunyumba yachifumu, zokongoletsedwa ndi ulusi wagolide, lupanga lili m'chiuno. Ena anganene kuti chovala n'chovala basi. Koma ife ophunzira zilankhulo timadziwa kuti munthu salankhula ndi pakamwa pokha. Munthu wa mu mgodi amene anaona chithunzi cha mtsogoleri wake atavala chonchi anamva uthenga womveka bwino. Kenako mu Sepitembala zinaululika kuti mnzake wa MacDonald wa paubwana, Alexander Grant, mkulu wa kampani yopanga mabisiketi ya McVitie and Price, anamupatsa galimoto la Daimler ndi masheya a mapaundi 30,000, ndipo patapita miyezi yochepa Grant analandira ulemu wotchedwa Sir. Kaya panali chinyengo kaya panalibe, otsutsa anapeza chomusekera, ndipo ankamukuwiza ndi mawu oti mabisiketi.

Njira ya Wheatley

John Wheatley anabadwira ku Ireland mu 1869 ndipo anakulira pafupi ndi Glasgow m'nyumba ya chipinda chimodzi momwe munkagona banja lonse. Analowa mu mgodi wa malasha akadali mwana. Vuto la nyumba sanaliwerenge m'buku, ndipo paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masiku amenewo unduna wa zaumoyo ndiwo unkayang'aniranso za nyumba, choncho atangolowa mu ofesi anadziwa choti achite.

Lamulo lomwe analipeza, la Neville Chamberlain la 1923, linkapereka mapaundi 6 pachaka kwa zaka 20 pa nyumba iliyonse, ndipo linkathandiza makamaka makampani omanga nyumba zogulitsa. Munthu wosauka sakanatha kugula. Wheatley anakweza thandizolo kufika pa mapaundi 9 pachaka kwa zaka 40, ndi kuposerapo m'madera akumidzi, ndipo analilunjikitsa kwa makhonsolo kuti amange nyumba zalendi yomwe munthu wapantchito angakwanitse.

Chomwe chimandichititsa chidwi ndi momwe anakonzera ntchitoyi. Anadziwa kuti ndalama pazokha sizimanga nyumba ngati amisiri ndi njerwa zikusowa. Mabungwe a amisiri ankakana kuphunzitsa achinyamata ambiri poopa kuti ntchito ikadzatha onse adzakhala malova. Wheatley anakhala pansi ndi mabungwewo pamodzi ndi eni makampani omanga, n'kuwalonjeza ndondomeko ya zaka 15 kuti avomere kuwonjezera ophunzira ntchito. Analemba lamulo lake mwanjira yoti aphungu a Liberal sakanalikana popanda kuchita manyazi pamaso pa owavotera, ndipo linadutsa mu Ogasiti 1924.

Boma litagwa, a Conservative sanathe kulifafaniza lamuloli nthawi yomweyo. Anachepetsako thandizo lija, koma linapitirira mpaka 1933, ndipo pofika nthawi imeneyo nyumba zoposa 500,000 zinali zitamangidwa. Wheatley anali ndi miyezi yofanana ndi ya nduna zinzake, aphungu 191 omwewo, ndi chingwe cha Asquith chomwecho m'khosi. Kusiyana kwake n'koti iye anatsata mwambi woti papsa tong'ola, sudziwa mtima wa moto. Sanadikire tsiku lomwe chipani chake chidzakhale ndi aphungu ochuluka. N'zomvetsa chisoni kuti MacDonald atabwereranso m'boma mu 1929 sanamupatse Wheatley unduna uliwonse, ndipo Wheatley anamwalira mu 1930.

Mawu Omwe Anagwetsa Boma

Ngati cholinga cha kudekha konse kuja chinali choti adani asiye kutchula Labour kuti ndi chipani cha chikomyunizimu, tione momwe zinathera.

Pa 25 Julayi 1924, nyuzipepala ya chipani cha chikomyunizimu ya Workers' Weekly inasindikiza kalata yopempha asilikali kuti asamaombere anthu anzawo apantchito. Mkonzi wake wogwirizira, J. R. Campbell, anaimbidwa mlandu pansi pa lamulo lakale la 1797 loletsa kuukiritsa asilikali. Aphungu ambiri a Labour atakwiya, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Patrick Hastings, anathetsa mlanduwo mu Ogasiti. Otsutsa anati boma lalowerera ntchito za khoti. MacDonald anauza Nyumba ya Malamulo kuti sanafunsidwe maganizo pa nkhaniyi, chonsecho nduna zinali zitaikambirana iye ali pomwepo. Nthawi yomweyo a Liberal anali atakwiya kale ndi mapangano omwe boma linachita ndi Soviet Union, omwe ankatsegula njira yoti dzikolo lipeze ngongole. Pa 8 Okutobala a Conservative ndi a Liberal anavotera pamodzi kuti pakhale kafukufuku, ndipo boma linagonja ndi mavoti 364 kwa 198. MacDonald anaitanitsa chisankho.

Kutatsala masiku anayi kuti anthu avote, pa 25 Okutobala, nyuzipepala ya Daily Mail inasindikiza kalata yomwe inati inalembedwa ndi Grigory Zinoviev, mkulu wa bungwe lofalitsa chikomyunizimu padziko lonse ku Moscow, yolimbikitsa achikomyunizimu a ku Britain kukonzekera kuukira boma. Kafukufuku yemwe unduna wa zakunja wa Britain unatulutsa mu 1999 anapeza kuti kalatayo inali yabodza. Koma pa 29 Okutobala 1924 inali itagwira kale ntchito yake yoopseza. A Conservative anapeza mipando 412, Labour 151, ndipo Liberal inatsala ndi 40 yokha.

Apa pali phunziro kwa ife amene timaphunzira mphamvu ya mawu. Chipani cha Labour chinali chitakana mobwerezabwereza kulandira achikomyunizimu m'gulu lake. MacDonald anavala zagolide, anaika mabwana m'maunduna, anaopseza onyanyala ntchito, koma dzina lomwe ankalithawa linamupezabe. Amene akufuna kukupaka dzina sayang'ana khalidwe lako. Amangodikira mpata. Pofuna kusangalatsa mbali zonse ziwiri, MacDonald anakhumudwitsa abale ake osawapeza adani ake, ndipo mapanga awiri anamuvumbwitsa.

Zomwe Otsutsa Maganizo Angawa Anganene

Pali mfundo yamphamvu yotsutsana ndi zomwe ndanenazi, ndipo siyenera kubisidwa. Akatswiri ambiri a mbiri amati MacDonald anakwaniritsa cholinga chake chenicheni. Ankafuna kuonetsa kuti anthu ochokera m'mafakitale angathe kuyendetsa dziko popanda kuligwetsa, komanso kuti Labour ilande malo a Liberal. Zonsezi zinachitikadi. Ngakhale mipando inachepa mu 1924, mavoti a Labour anakwera ndi oposa 1 miliyoni. Chipani cha Liberal sichinadzukenso. Labour inabwerera m'boma mu 1929, ndipo mu 1945 inapambana ndi aphungu ochuluka pansi pa Clement Attlee, yemwe anali mmodzi wa nduna zing'onozing'ono za 1924. Iwo amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuvomereza kuti boma la aphungu 191 silikanatha kulanda migodi ndi njanji, ndipo likanayesa likanagwa sabata yomweyo. Koma sindikunena kuti MacDonald akanachita zosatheka. Ndikunena kuti pakati pa kuukira ndi kungokhala phee panali malo aakulu, ndipo Wheatley anaonetsa kukula kwa malowo. Lamulo lake silinaopseze dziko, silinagwetse boma, ndipo silinachepetse mavoti a chipani. Bwanji panalibe Wheatley wa malova? Kudekha kumene ena amakuyamikira kunasanduka chizolowezi. Mavuto azachuma atafika mu 1931, MacDonald, Snowden ndi Thomas anasankha kudula ndalama za malova, nasiya chipani chawo n'kukalamula pamodzi ndi a Conservative. Pa chisankho cha chaka chimenecho Labour inatsala ndi aphungu pafupifupi 50. Mbewu ya 1931 inafesedwa mu 1924.

Nanga Amene Analibe Voti?

Pali gulu lina lomwe kudekha kwa bomali kunalikhudza, ndipo m'gulu limeneli munali agogo athu. Mu 1924 dziko lino, lomwe linkatchedwa Nyasaland, linali pansi pa unduna wa J. H. Thomas. Panali patangopita zaka 9 chichitikire kuukira kwa John Chilembwe. Anthu okhala m'minda ya azungu kumapiri a Shire ankagwirabe thangata, msonkho wa nyumba unkatoleredwabe, ndipo m'khonsolo yopanga malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Oyamba analowamo mu 1949.

Munthu akanayembekeza kuti mtsogoleri wa ogwira ntchito ku njanji amvetsa za thangata kuposa mabwana amene anakhalapo pa mpandowo iye asanabwere. Koma Thomas ankanyadira ufumu wa Britain monga wina aliyense wa Conservative. Chachikulu chomwe anachita chokhudza dera lathu ndi kutumiza gulu la aphungu atatu kudzayendera Northern Rhodesia, Nyasaland, Tanganyika, Uganda ndi Kenya. Wapampando wake anali William Ormsby-Gore wa Conservative, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1925 boma litagwa kale. M'madera ena zinali zoipa kuposa apa. Ku Iraq ndege zankhondo za Britain zinapitiriza kuponya mabomba m'midzi yomwe inkakana kumvera, ndipo ku Bengal m'dziko la India lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu linakhazikitsidwa mu Okutobala 1924, Labour ikadali m'boma.

Apa chifukwa choti aphungu anali ochepa sichigwira bwino ntchito, popeza zambiri za m'maiko olamulidwa zinkayendetsedwa ndi nduna ndi abwanamkubwa popanda kudikira voti ya m'Nyumba ya Malamulo. Chomwe chinasowa ndi chifuniro. Kuti olemekezeka a ku London akuvomereze, unkayenera kuonetsa kuti ufumu suugwedeza, ndipo mtengo wa kuvomerezedwako unalipiridwa ndi anthu amene sakanatha kuvotera kapena kuchotsa nduna iliyonse.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino ndayesa kuonetsa kuti boma la Labour la 1924 siliyenera kuweruzidwa ndi kufupika kwa moyo wake, popeza aliyense ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti silikhalitsa. Liyenera kuweruzidwa ndi zomwe nduna iliyonse inachita ndi masiku omwe inapatsidwa. MacDonald anagula ulemu kwa anthu amene anamugwetsa ndi kalata yabodza mpata utangopezeka. Thomas anasunga ufumu momwe anaupezera. Wheatley anasankha vuto limodzi lomwe ankalidziwa kuyambira ali mwana, anapeza ogwirizana nawo, nalemba lamulo lomwe ngakhale adani ake analephera kulifafaniza kwa zaka 9.

Ambiri mwa ife amene tikuwerenga mabuku pano tidzapatsidwa maudindo tsiku lina, kaya m'sukulu, m'mabungwe kapena m'boma, ndipo kawirikawiri tidzakhala ndi mphamvu zochepa komanso nthawi yosadziwika kutalika kwake. Kudzakhala kosavuta kunena kuti manja athu ngomangidwa, tiyambe takhazikika kaye. Nduna za 1924 zinalinso ndi manja omangidwa, koma imodzi mwa izo inasiya mabanja oposa 500,000 ali ndi denga.